Mpando wa Kumanzere

Achimwene anga ndi oyendetsa ndege, ndipo kuntchito kwawo dzina limene anawapatsa mayi athu linaiwalika kalekale. Onse ankangowatchula kuti a Kumanja. Ine poyamba ndinkayesa ndi dzina laulemu, mpaka alamu anga, akazi awo, atandimasulira. Kutsogolo kwa ndege kuli mipando iwiri. Wa kumanzere ndi wa kaputeni, mwini mawu omaliza, amene amavala mizere inayi paphewa. Wa kumanja ndi wa wachiwiri wake, wa mizere itatu. Munthu amakhala kumanjako zaka zingapo, akakhwima n'kusamukira kumanzere. Achimwene anga imvi zinawapeza ali kumanja komweko.

Zimenezi zinkandinyansa, ndisaname. Ine ndili ndi saluni, ndipo m'saluni mulibe nkhani ya mwini. Mayi aliyense akangokhazikika pampando ankayamba ndi funso lomwelo: "Achimwene anu a ndege aja, ukaputeni anaupeza?" Ndinkayankha kuti zili m'njira, uku ndikukoka tsitsi lake mwamphamvu pang'ono kuposa mmene zimafunikira. Zinakhala m'njira mpaka ofunsawo ena anaona zidzukulu. Anthu amene achimwene anawalandira pantchito ali atsopano, n'kuwaphunzitsa kutera mvula ikugwa, anadzakhala mabwana awo. Iwo osadandaula. Ankawapatsa moni waulemu n'kukakhala pampando wawo womwe uja.

Sikuti mutu unali wosagwira. Chibadwire achimwene ndi munthu wofatsa, wosamala mpaka kutopetsa. Anatengera bambo athu, amene ankakonza mawotchi pakhonde la sitolo, munthu woti kasikulu kakagwa pansi ntchito yonse inkaima mpaka kapezeke. Sukulu inawayendera achimwene, kampani ya ndege inawatenga n'kukawaphunzitsa, ndipo anabwerako ndi khalidwe limene sanalisiye mpaka lero. Chilichonse chimene akuchita amachiloza ndi chala n'kuchinena mokweza. "Mbaula yazima. Zenera latsekedwa. Makiyi ali m'thumba." Amati m'ndege amatero kuti mnzako amve, akutsutse ngati walakwitsa. Kunyumba womva anali alamu, ndipo kutsutsa ankakudziwa.

Alamu anali mphunzitsi wa masamu, mayi wamtali, woseka mokweza, woti akalowa m'kalasi ngakhale mabenchi ankaongoka. Anthu awiriwa kuwaona pamodzi unkadabwa kuti anapezana bwanji. "Abambo, mpweya mwapuma? Sindinamve mukulengeza," ankatero alamu. Achimwene ankangomwetulira n'kupitiriza kupukuta nsapato zawo. Mulungu anawapatsa mwana mmodzi wamkazi, amene pano ali pabanja kutali.

Chaka chimene dzina la achimwene linatuluka kuti akaphunzire ukaputeni ndi chomwenso tsoka linagwa. Iwo anali paulendo wogonera kunja, mwana ali kusukulu yogonera komweko. Alamu anadzuka bwinobwino, analowa m'bafa, sitiroko n'kuwagwetsera pansi. Anakhala pasimenti pamenepo tsiku lonse, mpopi uli chitsegulire, pakamwa posatheka kuitana munthu. Anawapeza ndi mayi woyandikana nawo nyumba dzuwa litapendeka, ataona madzi akutuluka pansi pa chitseko cha kuseri. Achimwene anamva nkhaniyo ali kudziko la eni, ndipo ndege yobwerera inali ya mawa lake. Atafika, adokotala anawauza mawu amene ine mpaka lero ndimati akanangowameza: akuti wodwalayo akanafika msanga, mkono ndi mwendo zikanapulumuka.

Alamu anatuluka m'chipatala mbali yonse ya kumanja itafa. Mawu anabwerera pang'onopang'ono, olemera ngati a munthu wongodzuka kumene, koma nzeru ndi kuthwa kwa lilime zinali momwemo. Achimwene anapita kuofesi n'kukachotsa dzina lawo pa maphunziro aja.

Apa ndifotokoze chinthu chimene ine chinanditengera zaka kuti ndichimvetse. Oyendetsa ndege ali ndi bungwe lawo, yuniyoni, ndipo mgwirizano wa bungwelo ndi kampani umati zonse ziziyendera ukale. Mwezi ukamatha, amene wakhalitsa pampando wake ndiye amayamba kusankha maulendo a mwezi wamawa, wobwera kumene amatola zotsala. Kumanjako achimwene anali kale pamwamba, moti ankasankha maulendo onyamuka m'mawa n'kubwerako masana. Akanasamukira kumanzere akanakhala kaputeni wa kumchira, wogona m'mahotela sabata ndi sabata. Choncho chaka chilichonse kampani inkawafunsa, chaka chilichonse ankakana. Kum'mawa alamu ankatsala ndi mayi wowathandiza, masana galimoto ya achimwene inkakhala italowa pageti. Chichokereni tsiku la m'bafa lija sanagonenso kunja kwa nyumba yawo.

Ndiwo anaphunzitsa alamu kukhala ndi dzanja lamanzere. Anayamba ndi sipuni, kenako mswachi, kenako mabatani, pomaliza cholembera. Alamu ankapsa mtima n'kuponya sipuni kukhoma. Achimwene ankaitola, kukaitsuka, kuibwezera m'dzanja lomwelo, n'kulengeza kuti, "Sipuni yabwerera." Tsiku limene alamu analemba dzina lawo okha anandiimbira foni ngati kwabadwa mwana. M'bafa anakhomamo zitsulo zogwirira, pakhomo anawaka potsetsereka kuti njinga ya olumala ya alamu izidutsa. Powanyamula kuchoka panjingapo anali ndi mawu awo. "Ndakugwirani." Alamu n'kuyankha, "Mwandigwira." "Tikunyamuka." Ine ndinkaseka kuti nyumbayi yasanduka bwalo la ndege, koma mumtima ndinkasirira. Wanga mwamuna anandithawa ndili ndi miyendo yonse iwiri.

Zaka zinapita choncho. Ndiye tsiku lina m'saluni munalowa bambo wadazi, woti analibe chokonzetsa chilichonse. Anali mkulu wa yuniyoni, mnzawo wa achimwene kuyambira kusukulu ya ndege. Anzake amamutcha a Ndime, chifukwa sangamalize kukupatsa moni asanatchule ndime ya mgwirizano. Anakhala pampando wotsukira tsitsi chipewa chili pabondo.

"Achemwali, ndabwera kwa inu chifukwa mnzanga uja m'makutu anaikamo thonje," anatero. "Tasainirana mgwirizano watsopano ndi kampani. Penshoni tsopano iziyendera mpando umene munthu wakhalapo zaka zake zomaliza. Wopuma ali kaputeni ndi wopuma ali wachiwiri, kusiyana kwake si kwamasewera. Ndiye pali ndime ina. Kampani siphunzitsa ukaputeni munthu amene watsala pang'ono kufika msinkhu wopumira. Kalasi ya chaka chino ndi yake yomaliza. Ikamudutsa, basi, kwatha."

"Ndiye mwawauza?"

"Kuwauza? Ine ndi amene ndinauma pakhosi pomenyera ndime ya penshoniyo, ndikuganiza za iyeyo. Wangondiyankha kuti zikomo. Iye amangoona za mawa m'mawa. Ine ndikuona tsiku limene adzakhale nkhalamba yosatha kunyamula mkazi wake, mankhwala akufunika, nesi akufunika. Nanga atatsogola ndi iye? Alamu anu adzasamalidwa ndi chiyani?"

Ndinasiya mutu wa kasitomala uli theka, mtsikana wanga wa pasaluni aumalize, n'kupita kwa achimwene ndili moto. Cholinga changa chinali kuwakokera kukhitchini tikanong'onezane. Koma mawu anga kunong'ona sakudziwa. Ndisanafike pakati pa nkhani tinamva alamu akumenya chogwirira cha njinga pabalaza.

"Abambo, tabwerani kuno. Nanunso alamu."

Tinapita ngati ana ogwidwa akuba shuga.

"Zimene akunena alamuzi ndi zoona?"

"Ndi zoona, amayi, koma ine ndinaganiza kuti..."

"Munaganiza nokha. Inu amene mumalengeza ngakhale kutseka zenera, nkhani iyi yokha munaitsekera m'mimba." Anapuma pang'ono, chifukwa akakwiya mawu amawalemera. "Zaka zonsezi ndakhala ndikuona anthu akukudutsani. Mukuyesa sizindipweteka? Akamati a Kumanja, ine ndimamva kuti akunena ine. Munandinyamula, zikomo, Mulungu ndi mboni. Koma sindikufuna kudzafa ndili chifukwa chimene munakanira."

"Nanga usiku muzikhala ndi ndani?" anafunsa achimwene.

"Ndi ine," ndinatero. Mawuwo anatuluka ndisanawaganize. Ana anga anakula, nyumba yanga ndinkangolankhulamo ndi wailesi. Sabata yomweyo ndinasamutsira zovala zanga m'chipinda cha mwana wawo uja.

Achimwene anavomera ndi pakamwa, koma anati ayambe andiyesa, monga amayesera oyendetsa ndege asanawakhulupirire. Ankaima pakhomo atapinda manja, ine ndikusamutsa alamu kuchoka pabedi kupita panjinga. Ulendo woyamba ndinalephera chifukwa mabuleki a njinga ndinamanga koma sindinanene. Wachiwiri ndinalephera chifukwa madzi osamba ndinawayesa ndi chala m'malo mwa chigongono. Wachitatu akuti ndinaika masilipasi moyang'ana kolakwika. Ine, munthu amene ndatsuka mitu ya theka la tauni popanda kuwotchapo ndi mmodzi yemwe! Ndinawauza kuti zengerezu analinda kwawukwawu, tsiku lotsekera kulembetsa likubwera. Iwo anati chitetezo sachita nacho changu. Anatithetsera mlandu ndi alamu.

"Wonyamulidwa ndine, ndiye woyesa ndine. Alamu akhoza. Vulani masilipasi anuwo, valani nsapato, kalembetseni."

Maphunziro ankachitikira pafupi ndi bwalo la ndege, choncho ankabwera kudzagona kunyumba. Za m'mabuku sizinawavute, ankazidziwa ngati njira ya kwawo. Chinatsala chinali mayeso a mu simuleta. Ichi ndi chibokosi chachikulu choima pamiyendo yachitsulo, mkati mwake ngati kutsogolo kwa ndege yeniyeni. Chimagwedezeka, chimalira, ndipo woyesa amakhala kumbuyo kwako n'kumakuzimitsira injini dala kuti aone uchita bwanji. Achimwene analowamo kambirimbiri pamoyo wawo osalepherapo, koma nthawi zonse ali kumanja.

Tsiku la mayesolo anabwerako dzuwa likadali pamutu. Anaika chikwama pamalo pake, navula jekete, n'kulengeza ngati akunena za zenera: "Ndalephera." Chimene chinandikwiyitsa ndi nkhope yawo. Sinali ya munthu wolephera. Inali ya munthu amene watula katundu. Anati mgwirizano umalola kuyesanso kamodzi kokha, koma mwina ndi bwino kungozisiya, ayesa, zakanika, aliyense waona.

"Khalani pansi," anatero alamu. "Mundiuze munalakwa pati. Ine ndinali mphunzitsi, ndalephera yekha si yankho."

Achimwene anakhala. "Ukakhala kumanja, chiwongolero umagwira ndi dzanja lamanja. Zogwirira zopatsira moto injini zili pakati pa mipando, ndiye umazigwira ndi lamanzere. Ukasamukira kumanzere zonse zimatembenuka. Zinthu zikamayenda bwino ndimakumbukira. Koma atandizimitsira injini ponyamuka, dzanja lamanzere linasiya chiwongolero n'kupita kukafuna moto kumene linazolowera. Linakagunda khoma."

"Basi?" anafunsa alamu.

Achimwene anayang'ana manja awo.

"Kenako panafunika kugamula msanga, tibwerere kapena tipitirire. Ndinatembenukira kumanzere kuti ndimve akaputeni akuti chiyani. Kunalibe munthu, amayi. Zenera lokha."

Ine chiseko chinafika pakhosi, koma chinabwerera chokha n'kusanduka chisoni. Bambo wa imvi, wodziwa ntchito yake, kudikira mawu kuchokera pazenera. Alamu sanaseke. Anayang'ana amuna awo nthawi yaitali, kenako anatembenukira kwa ine.

"Alamu, kokerani mpando uwo kukhomako. Mubweretse kasitulu, ayironi ndi ambulera."

Umu ndi mmene ndege inaterera pabalaza pathu. Achimwene anakhala pampando wogundana ndi khoma, khomalo lili kumanzere kwawo. Njinga ya alamu tinaiimika kumanja, pamalo pa wachiwiri. Pakati pawo panali kasitulu, pamwamba pake ayironi yozizira, ndiyo moto wa injini. Ambulera inali chiwongolero. Ine anandipatsa ntchito yokhala kumbuyo ndi chivundikiro cha poto, kuti pamene ndafunira ndichimenye n'kukuwa kuti injini yazima. Ntchito imeneyo ndinaikonda kuposa kuluka tsitsi. Ndinkadikira achimwene afatse, ayambe kulankhula mawu awo a m'ndege aja, kenako phwaa! Mayi wothandiza uja ankatuluka kukasekera panja.

Achimwene poyamba ankachita manyazi, akuti izi ndi zachibwana. Koma chivundikiro chikalira, dzanja lamanzere linkasiyadi ambulera n'kukakanda khoma, lamanja lili phee pabondo. Alamu ankalimenya ndi dzanja lawo lamoyo lija. "Ili ndi lanu, silinafe ngati langa. Lidzutseni, ligwire ayironi." Kunja kwa maphunzirowo anawalanda sipuni kudzanja lamanja, ndi mswachi, ndi lumo lometera ndevu. Achimwene ankapita kuntchito ali ndi timabala pachibwano. Tiyi akatayikira pamalaya, alamu ankati, "Munkandiuza chiyani ine? Si munkati dzanja ndi mwana, limamva kubwereza, silimva kukalipa? Bwerezani."

Dzanja linayamba kumva. Khosi ndi limene linavuta. Chivundikiro chikalira, manja ankapita koyenera, koma mutu unkatembenukirabe kukhoma.

"Kumeneko kuli penti," ankatero alamu. "Ine ndili kuno, ndikudikira inu. Tikubwerera kapena tikupitirira? Nenani."

Masana ena, mayeso achiwiri atayandikira, ndinamenya chivundikiro achimwene n'kungouma. Sanayang'ane kukhoma, sanayang'ane kwa alamu. Alamu anandikwezera dzanja kuti ndisamenyenso.

"Abambo, inu simukufuna kukhoza."

Achimwene anagoneka ambulera pansi bwinobwino. "Ndikakhoza ndizikagona kunja," anatero. "Ine ndikatseka maso ndimaona madzi akutuluka pansi pa chitseko. Madzi oti sindinawaone n'komwe, ndinangouzidwa. Ndimawaona tsiku lililonse."

Sindinawamvepo achimwene akulankhula choncho chibadwire changa. Mawu awo anali aang'ono ngati si a munthu woyendetsa chinthu chachikulu chija.

"Amene anagona pasimenti paja ndine," anatero alamu, mawu akutuluka limodzilimodzi. "Kuzizira kwake ndikukudziwa kuposa inu. Ndipo tsiku lonse lija sindinaganizepo kuti mwandilakwira. Ndinkangoti abambo akadzamva kuti ndinasiya mpopi osatseka, ndidzaona zakuda." Achimwene anaseka, misozi ili m'maso. "Munali kuntchito, abambo. Palibe anakuimbani mlandu. Munadzigamulira nokha chilango, n'kulowa m'ndende, nanenso n'kunditsekera momwemo. Ine ndatopa namo. Tulukani, kuti nanenso ndituluke."

Ndinanyamuka n'kupita kukhitchini, kukatakasa poto wopanda kanthu. Ndinalira, ndisabise. Ndinkalirira achimwene anga, amene zaka zonsezi ndinkawayesa opanda mtima wofuna kukwera, ndi alamu, amene ndinkawayesa okhutira ndi kunyamulidwa. Patapita kanthawi ndinamva alamu akuitana kuti woyesa wathawira kuti, ndege ikudikira. Ndinapukuta m'maso, ndinabwerera, ndinamenya chivundikiro ndi mphamvu zanga zonse. Achimwene anagwira ayironi ndi dzanja lamanja, maso kutsogolo. "Tikubwerera kukatera. Amayi, auzeni a pabwalo la ndege." Alamu anayankha ngati wachiwiri weniweni: "Ndamva, akaputeni."

Mayeso achiwiri anakhoza. Anatiuza ndi a Ndime, amene anaimba foni achimwene asanatuluke n'komwe pageti ya kumeneko, akukuwa ngati wakhoza ndi iwo, n'kutchulanso ndime ziwiri zimene palibe anazimva. Panatsatira maulendo angapo oyang'aniridwa, onse obwerako tsiku lomwelo. Kenako ndandanda ya mwezi inatuluka, ndipo zinali monga tinkadziwira. Kaputeni wa kumchira anatola zotsala. Ulendo wawo woyamba unali wogonera kunja mausiku angapo.

Pakampani pawo ali ndi chizolowezi chakuti mizere inayi yoyamba munthu sadziveka yekha, amamuveka ndi amene iye wamusankha. Ambiri amachitira kuofesi, pamaso pa anzawo. Achimwene anabwera nayo kunyumba ili m'kapepala kake. M'mawa wa ulendowo, titamwa tiyi, anatuluka kuchipinda atavala malaya oyera, mapewa ali opanda kanthu, n'kugwada patsogolo pa njinga ya alamu.

Kuveka mizere si ntchito. Umamasula kabatani ka paphewa, kulowetsa kansalu ka mizereko, n'kumanganso. Wa manja awiri amatha asanaphethire. Alamu phewa loyamba anamasula, analowetsa, koma kabatani kanakana kubwerera pabowo. Kankaterereka, iwo n'kuyambiranso. Panja galimoto ya kampani inafika n'kuliza hutala. Ine dzanja langa linanyamuka lokha.

"Alamu, chotsani dzanja lanulo," anatero osandiyang'ana.

Achimwene sanagwedezeke. Anangoweramitsa phewa kuti lifike bwino, maondo okalambawo ali pasimenti. Hutala inaliranso. Kabatani kanalowa. Anatembenuza phewa lachiwiri, ndipo nalonso linatenga nthawi yake. Atamaliza alamu anasalaza mizereyo ndi chikhatho, uku ndi uku, n'kuwakankha pang'ono pachifuwa.

"Imirirani ndikuoneni. Eya. Mwachedwa nazo, koma zakukhalani."

Pakhomo achimwene anayamba kundiuza za mankhwala a masana, za mabuleki, za foni kuti isazime. Alamu anawadula. "Anthu akudikira kaputeni wawo. Pitani. Ine ndikufuna ndione ngati kugona osamva mkonono wanu n'kokoma mmene ndimakumbukira." Anaseka mokweza, kuseka kwawo kwakale kuja. Achimwene anawagwira dzanja, anandiyang'ana ine, ananyamula chikwama n'kutuluka. Ndinakankhira njinga pazenera. Alamu anakweza dzanja n'kumabayibitsa, akumwetulira, mpaka galimoto inatuluka pageti n'kukhota.

Itangobisika, dzanja lija linagwera pamwendo. Nditagwada kuti ndiwafunse, anandigwira mkono mwamphamvu moti zikhadabo zinalowa.

"Alamu, ndikuopa," anatero. "Ndakhala ndikuopa chiyambire tsiku limene munabwera ndi nkhani ija. Bafa lija ndimaliopa ngakhale iwo ali pakhomo."

"Ndiye bwanji simunanene?"

"Akanapita?"

Ndinawakumbatira mmene ndinathera, njinga ili pakati pathu. Kenako anadzipukuta ndi kansalu ka pakhosi n'kundiloza ndi chala.

"Akaimba foni, muwauze kuti ndadya bwino ndipo ndikukuvutitsani. Mukawonjezerapo mawu amodzi, ine ndi inu tidana."

"Ndamva, alamu."

"Chabwino. Tsopano kanditsegulireni madzi, ndikasambe. Koma musachoke pakhomo."